Ndani Amasonkha Moto Pansi pa Mawira?

Kumapeto kwa chaka cha 1858 ndi m'chaka cha 1859, David Livingstone ndi anzake adali kukwera ndi kutsika mtsinje wa Shire pa sitima yawo yotchedwa Ma-Robert. M'buku limene iye ndi mng'ono wake Charles adatulutsa mu 1865 muli kankhani kena kamene owerenga ambiri amangokalumpha pothamangira nkhani za njovu, ng'ona ndi ukapolo. Akuti m'tsinde mwa phiri la Morumbala, kunsi kwa Shire m'dziko la Mozambique, munthu wina wa komweko adaperekeza alendowo kukaona kasupe. Madzi ake adali oyera bwino, akutumphuka m'maso awiri oyandikana. Ataviikamo choyezera, chidaonetsa madigiri 174 pa muyezo wa Fahrenheit, amene ali ngati madigiri 79 pa muyezo wa Celsius umene tidauzolowera ife. Adaikamo dzira, ndipo lidapsa. Pansi pa madziwo padali abuluzi ndi tizilombo takufa, pamene miyala ya m'mbali idali itayanga zinthu zonunkha sulufule. Woperekeza uja adathyola kanthambi n'kukaponyamo kuti alendo aone mmene masamba amafotera msanga. Adawauzanso dzina la malowo, madzi owira, ndipo iwo adalilemba monga momwe makutu awo adamvera.

Nkhaniyi imandikumbutsa ubwana wanga. Pa tchuthi tinkapita kukacheza kwa azakhali ku Nkhotakota, ndipo tsiku lochapa tinkasenza zovala kupita ku Mawira. M'mawa wa mwezi wa June, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, nthunzi inkachita tolo pamwamba pa madzi. Tsiku lina ndidafunsa kuti, "Azakhali, kodi ndani amasonkha moto pansipa?" Iwo adandiyang'ana, naseka. "Iwe, chapa malayawo dzuwa lisanakwere. Zimenezo ukafunse aphunzitsi ako." Sindidawafunse aphunzitsiwo, koma funso lidakhala. Nditakula ndidadzazindikira kuti funso lachibwanali lidazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka pafupifupi 300, ndipo kwenikweni ndi mafunso awiri: madziwo amachokera kuti, nanga chimawatenthetsa n'chiyani?

Makolo athu adayamba kale kuyankha mbali ina ya funsoli potcha maina. Dzina loti Mawira likupezeka ku Nkhotakota komanso ku Liwonde. Ku Nkhata Bay kuli kasupe wotchedwa Kanunkha, ndipo amene adanunkhizapo fungo la dzira lovunda limene limatuluka m'madzi otere sangafunse chifukwa chake. Mainawo akunena za kutentha ndi za fungo, zinthu ziwiri zimene katswiri amayamba kulemba m'kabuku kake akafika pa kasupe. Tsono mutatenga mapu a dziko lino n'kuika kadontho pamene pali kasupe aliyense wotentha, mungaone chinthu chachitatu. Timadonthoto sitimwazikana ngati mapira ofesa. Timandandalika kuchokera ku Chitipa ndi Karonga, kudzera pa Chiweta m'boma la Rumphi, ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Liwonde mpaka ku Chikwawa, motsatira nyanja ndi mtsinje wa Shire. Kasupe wa ku Morumbala uja ali kunsi kwa mzere womwewo. M'zidikha za Lilongwe ndi Kasungu mungayende mtunda wautali osaona nthunzi ikutuluka m'nthaka.

Tisanafike pa mzerewo, tiyeni tibwerere m'mbuyo. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira a ku Ulaya sankakhulupirira kuti mvula payokha ingakwanitse kudzaza mitsinje. Ankati mvula ndi yochepa, ndipo nthaka siilola kuti ilowe patali. Ambiri ankaganiza kuti madzi a m'nyanja ya mchere amalowa m'mapanga a pansi pa dziko, amasiya mchere wawo m'njira, kenaka n'kukwera kukatulukira m'mapiri. Wansembe wina wa chipani cha Ajezuwiti, Athanasius Kircher, adafunitsitsa kuona yekha zimene zili pansipo, moti mu 1638 adatsikira m'kamwa mwa phiri lamoto la Vesuvius ku Italy. M'buku lake la Mundus Subterraneus, limene lidatuluka cha m'ma 1665, adajambula dziko lapansi ngati dzungu lodulidwa pakati, m'kati mwake muli ng'anjo zamoto ndi maiwe a madzi, zonse zolumikizana ndi ngalande. Pamene ngalande ya madzi yadutsa pafupi ndi ng'anjo, iye adati, mpamene pamabadwa kasupe wotentha. Tisamuseke bamboyu. Yankho lake silisiyana kwenikweni ndi limene mwana wa ku Mawira uja adali nalo m'mutu, kungoti Kircher adalijambula mokongola.

Amene adagwetsa maganizo a ngalandezi sadali munthu wotsikira m'mapiri amoto ayi, koma wowerengera. Pierre Perrault wa ku France adatenga miyezo ya mvula ya zaka zitatu, nayerekeza ndi madzi amene amayenda kumtunda kwa mtsinje wa Seine. Mu 1674 adalengeza kuti mvula yogwa m'deralo imaposa madzi a mumtsinjewo pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Mu 1687 Edmond Halley, yemwe uja dzina lake lidapatsidwa kwa nyenyezi ya mchira, adayeza madzi amene amauluka ngati nthunzi m'chiwaya chofunditsidwa, nawerengera kuti nyanja zimapereka kumitambo madzi okwanira kubwezera mitsinje yonse yothira m'menemo. M'kupita kwa nthawi nkhani ya akasupe ozizira idatha: ndi mvula basi. Koma akasupe otentha adatsala panja ngati mlandu wosagamulidwa. Mvula imagwa yozizira, yopanda mchere, yopanda fungo. Nanga madzi otentha, amchere, onunkha, amene sachepa m'chilimwe ndipo sachuluka m'dzinja, angakhale bwanji mvula?

Pano mpamene pakulowa Eduard Suess, katswiri wa miyala wa ku Vienna, munthu amene adatithandiza kwambiri pa funso limodzi natisocheretsa pa linzake. Mu 1891, ali kwawo komweko, adasanthula malipoti ndi mapu a anthu amene adayenda kum'mawa kwa Africa, nazindikira kuti nyanja zazitali zowonda za kuno zagona mumng'alu umodzi waukulu wa dziko. Mu 1893 John Walter Gregory wa ku Britain adayenda wapansi m'chigwacho ku Kenya, ndipo ndiye adafalitsa dzina loti Rift Valley limene ana athu amaloweza ku sukulu. Mfundo yake ndi yakuti dziko likukokeka mbali ziwiri, thanthwe lang'ambika, ndipo chigawo chapakati chatitimira. Pamenepo Suess adalasa. Koma mu 1902, polankhula pa msonkhano wa akatswiri mumzinda wa Karlsbad, umene lero umatchedwa Karlovy Vary m'dziko la Czech Republic, iye adanena kuti madzi a akasupe otchuka a kumeneko, otentha madigiri oposa 70, si mvula ayi. Adati ndi madzi atsopano, ochokera m'chiphalaphala chamoto cha pansi pa dziko, amene akuona dzuwa kwa nthawi yoyamba. Poti adanena ndi mkulu wolemekezeka, ndipo mawuwo adali okoma kumva, maganizowa adalowa m'mabuku nakhalamo zaka zambiri.

Chigwa chimene Suess adachiona pa pepala ife timakhalamo. Aliyense amene adatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena chikweza cha Chiweta makutu akutsekeka, watsika khoma la mng'alu umenewu. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, koma kumpoto ndi yakuya mamita ngati 700, kutanthauza kuti pansi pake patsika kupitirira pamene pamayambira nyanja ya mchere ndi mamita oposa 200. Kutitimiraku kwatenga zaka mamiliyoni angapo ndipo sikudathe. Chigwachi chikutanukabe ndi mamilimita ochepa pa chaka, mochedwa kuposa kukula kwa chikhadabo. Kuchokera ku Bilila, kufupi ndi Balaka, mpaka ku Mtakataka kuli mng'alu umodzi wotalika makilomita oposa 100. Ming'alu yotereyi imakhala chete zaka zambiri, kenaka n'kutsetsereka mwadzidzidzi. Pa 10 March 1989 chivomezi cha ku Salima chidapha anthu 9 ndi kusiya zikwizikwi opanda pogona. Mu December 2009 zivomezi zotsatizana ku Karonga zidapha anthu anayi, nthaka n'kung'ambika anthu akuona.

Ntchito yolemba ming'aluyi pa mapu idayamba mwakhama m'nthawi ya Frank Dixey, amene adali katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland kuyambira 1921 mpaka 1939. Ambiri amamukumbukira chifukwa cha mafupa a chinyama chakale a ku Karonga, chimene lero chimatchedwa Malawisaurus dixeyi, koma mbali yaikulu ya ntchito yake idali yofunafuna madzi akumwa ndi kukumba zitsime. Mu 1969 I. M. Kirkpatrick adasindikiza lipoti lonena za akasupe otentha a m'Malawi. Chimene ntchito zoterezi zidaonetsa n'chakuti akasupewo amakhala pa ming'alu, makamaka pamene ming'alu iwiri yakumana. Komatu padali vuto kwa otsatira Suess. M'Malawi mulibe phiri lamoto. Oyandikira ali kutsidya kwa Songwe, m'dera la Rungwe ku Tanzania, kumene phiri la Kyejo lidaphulika komaliza cha m'ma 1800. Kuchokera kumeneko kukafika ku Liwonde ndi mtunda wa makilomita mazanamazana. Ngati madzi owira ndi thukuta la chiphalaphala, nanga ku Liwonde chiphalaphalacho chili kuti?

Mlanduwu udagamulidwa ndi umboni wochokera kumene palibe adaganizira. Mu 1931 Harold Urey wa ku America adatulukira kuti haidirojeni, imodzi mwa zinthu ziwiri zimene zimapanga madzi, ili ndi mtundu wina wolemerako pang'ono. Okosijeni nayo ili ndi mitundu yolemera ndi yopepuka. Choncho m'chikho chilichonse cha madzi muli timadzi tochepa tolemera kuposa tinzake, ngati mmene m'lichero la mpunga simulephera kukhala timiyala. Mtambo ukamayenda kuchokera kunyanja kulowa kumtunda, kapena ukamakwera phiri, timadzi tolemerato ndi timene timayamba kugwa. Motero mvula ya malo alionse ili ndi chidindo chake: ya m'mphepete mwa nyanja ndi yolemerako, ya pamwamba pa mapiri ndi yopepukako. Wophunzira wina wa Urey, Harmon Craig, adayeza madzi mazana angapo a mvula, mitsinje ndi nyanja ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo mu 1961 adaonetsa kuti madzi a mvula a dziko lonse amatsata lamulo limodzi losavuta. Mu 1963 adachita chimene Suess sakadatha kuchita. Adayerekeza madzi a akasupe otentha a m'maiko angapo ndi mvula ya m'madera momwemo. Akadakhala madzi a m'chiphalaphala, bwenzi onse akufanana, kaya ndi a ku Italy kaya ndi a ku New Zealand. Koma kasupe aliyense adapezeka ndi chidindo cha mvula ya kwawo. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo apa zidaoneka kuti saiwalanso mtambo.

Kunena chilungamo, Suess sadaphonye kotheratu. Pafupi ndi mapiri amoto, monga ku Rungwe, mipweya ina imene imatuluka ndi madzi imachokeradi pansi penipeni. Koma madzi enieniwo, pafupifupi onse, ndi mvula. Kuno kwathu kafukufuku wa Zuze Dulanya wa ku Chancellor College ndi anzake, amene adatuluka mu 2010, komanso wa Estefanny Dávalos-Elizondo ndi anzake wa mu 2021, adasanthula madzi a akasupe a m'chigwa chathu. Kafukufuku wachiwiriyu adayeza chidindo chija napeza zomwezo: madzi owira a m'Malawi adagwa kuchokera kumwamba.

Tsono ulendo wake umayenda motere. Mvula imagwa pa mapiri a m'mbali mwa chigwa, monga ku Nyika, ku Viphya kapena ku Ntchisi. Yambiri imathamangira m'mitsinje, ina imamwedwa ndi mitengo, koma pang'ono imalowa m'timing'alu ta thanthwe n'kumatsika. Palibe ng'anjo imene imakumana nayo. Dziko lapansi n'lofunda lokha m'kati, chifukwa cha kutentha kumene lidatsala nako polengedwa ndiponso chifukwa cha zinthu monga yureniyamu zimene zimatulutsa kutentha pang'onopang'ono m'miyala. Abale athu amene adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni amadziwa bwino zimenezi: ukamatsika, thukuta limachuluka. M'malo ambiri kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Madzi amene atsika makilomita atatu kapena anayi afika kale pa madigiri oposa 100, koma sawira, chifukwa kulemera kwa madzi a pamwamba pake kumawapanikiza ngati chivundikiro cha mphika.

Kutsika kokha sikupanga kasupe wotentha. Pansi pa Lilongwe nawonso pali madzi ofunda, kungoti alibe njira yachidule yotulukira. Madzi akamakwera mozengereza amasiya kutentha kwawo m'miyala, nafika pamwamba atazizira. Apa mpamene mng'alu umagwira ntchito. Pamene matanthwe akhala akukhulana kwa zaka mamiliyoni, mwala umaphwanyika n'kusiya mpata wolunjika kuchokera pansi kufika pamwamba. Madzi otentha ndi opepuka kuposa ozizira, ndipo kumbuyo kwawo akukankhidwa ndi madzi ena amene akutsika kuchokera kumapiri. Akapeza mpatawo amakwera mofulumira, kutentha kusanathe. Ming'alu ikatsekeka ndi michere, chivomezi chimadzaitsegulanso. N'chifukwa chake dziko la zivomezi limakhalanso dziko la mawira. Pa Chiweta, pamene pali kasupe wotentha kwambiri m'dziko muno, madzi amatuluka ali pa madigiri pafupifupi 80. Ku Mawira a ku Nkhotakota amapitirira 60.

Ulendowu si wa sabata imodzi. Ku Bath m'dziko la England, kumene Aroma adamanga malo osambira zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, madzi amatuluka ali pa madigiri 46, ndipo akatswiri adapeza kuti adagwa ngati mvula pa mapiri a Mendip zaka zikwi zingapo zapitazo. Njira imodzi yodziwira msinkhu wa madzi idabadwa m'zinthu zoopsa. Mabomba a nyukiliya amene maiko ankayesa mumlengalenga m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1963 adasiya chizindikiro m'mvula ya dziko lonse, motero madzi opanda chizindikirocho amadziwika kuti adalowa pansi mabombawo asanaphulike. Poona kuzama kwa ulendo wa madzi athu, n'zotheka ndithu kuti amene azakhali ankachapira aja adagwa pa mapiri Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, asanafike ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Ndi utali wa ulendowu umene umachititsa kuti kasupe wotere asasamale za chilala cha chaka chimodzi.

Nanga mchere ndi fungo? Madzi otentha ndi wakuba waluso, ndipo chilichonse chimene atuluka nacho chimaulula kumene adadutsa. Mvula ikamalowa m'dothi imatenga mpweya wotuluka m'mizu ndi m'zinyalala zowola, n'kukhala ndi kaukali pang'ono. Kaukaliko kamadya miyala yolimba ya pansi pa dziko lathu n'kumasula sodiyamu. Kashiamu, amene amachititsa madzi a m'mijigo ina kukana sopo, amachita zosiyana ndi shuga: madzi akatentha iye amatuluka m'madzimo n'kumatirira pa mwala, monga zoyera zija zimamatirira m'ketulo. Zotsatira zake ndi madzi okhala ndi soda wambiri koma kashiamu wochepa. Mayi aliyense amene adatchezapo chidulo chophikira therere amadziwa kuterera kwa madzi otere pa zala. N'chifukwa chake pa Mawira sopo amachita thovu msanga ndipo litsiro silivuta kuchoka. Azakhali sadali kudziwa dzina la sodiyamu, koma ankadziwa kuti kumeneko kamtanda ka sopo kamachapa zovala zambiri. Fungo la dzira lovunda lija ndi mpweya wa sulufule wochokera m'miyala imene madzi adadutsamo.

Mwa zonse zimene madziwa amaba, chimene chimandisangalatsa ine ndi silika, chinthu chimene chimapanga mchenga woyera wa kunyanja ndi galasi. M'madzi ozizira silika amasungunuka pang'ono zedi, koma kutentha kukamakwera amasungunuka wochuluka, mwa muyezo wodziwika. Madzi akakwera msanga n'kuzizira, silika uja sathamangira kutuluka. Mu 1966 Robert Fournier ndi Jack Rowe a ku America adaonetsa kuti munthu akhoza kutunga botolo limodzi pa kasupe, kuyeza silika, n'kudziwa kutentha kumene madziwo adafika ali pansi. Ndi choyezera chimene chimafika kumene munthu sangafike. Kircher adaika moyo wake pachiswe potsikira m'phiri, chonsecho yankho lidali m'botolo. Miyezo yotereyi ikusonyeza kuti pansi pa Chiweta madzi amapitirira madigiri 100.

Koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Pakati pa zinthu zimene madzi otentha amasungunula m'miyala pali fluoride, yemwe uja amalembedwa pa mankhwala otsukira mano. Wochepa amalimbitsa mano, wochuluka amawawononga. Chimene chimamugwira fluoride kuti asachuluke m'madzi ndi kashiamu, ndipo taona kale kuti m'madzi owira kashiamu adatsala m'njira. Mbiri ya matendawa idayamba ndi dokotala wa mano, Frederick McKay, amene atafika ku Colorado Springs mu 1901 adadabwa kuona ana ambiri ali ndi mano a mathothomathotho ofiirira. Adafufuza zaka 30, akukayikira madzi koma osadziwa chimene chili m'madzimo, mpaka mu 1931 pamene katswiri wina, H. V. Churchill, adapeza kuti ndi fluoride. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Akasupe otentha a m'chigwa chathu amapitirira muyezowu kangapo.

Wina anganene kuti palibe amamwa madzi a pa kasupe wotentha. Alipo amene amawazizitsa n'kumwa, ena powayesa mankhwala. Koma vuto lalikulu ndi lobisika. Si madzi onse okwera mumng'alu amene amatulukira poyera. Ena amasakanikirana ndi madzi osazama amene mijigo yathu imapopa, ndipo mjigo wokumbidwa pafupi ndi mng'alu ukhoza kupereka madzi oyera, ozizira, okoma, koma odzaza fluoride. Madzi otere sanunkha ndipo saoneka. Kuwawiritsa sikuthandiza, kumangowonjezera, poti madzi amauluka fluoride n'kutsala. Mano amawonongeka pamene akupangidwa, mwana asanakwane zaka 8, ndipo banga lake silichoka ngakhale atatsuka ndi mswachi wotani. M'madera a Liwonde ndi Nathenje ofufuza adapeza ana asukulu ambiri a mano otere. Ndidaphunzira ndi mtsikana wina amene sankaseka osaphimba pakamwa, ndipo ife, mwa umbuli wathu, tinkamunena kuti ndi waulesi wotsuka mano. Ndimachita manyazi ndikakumbukira. Ndimaonanso kuti mabungwe amene amakumba mijigo m'chigwa muno, n'kuimika chikwangwani chokhala ndi dzina lawo, akadayenera kuyamba ayeza fluoride asanaitane mfumu kudzadula riboni.

Funso lina limene limabuka nthawi iliyonse magetsi akazima ndi lakuti, bwanji osapanga magetsi ndi madzi amenewa? Ku Larderello m'dziko la Italy, Piero Ginori Conti adayatsa mababu asanu ndi nthunzi ya pansi mu 1904. Ku Kenya makina oyamba a ku Olkaria adayamba kugwira ntchito mu 1981, ndipo dzikolo lidafika popeza gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kuchokera pansi pa nthaka. Ife magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, pa mathithi a Shire amene adapangidwa ndi ming'alu yomweyi, omwe aja adatsekereza sitima ya Livingstone mu 1859. Nyanja itatsika mu 2016 ndi 2017 tidagona mumdima. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo zidatenga nthawi yoposa chaka kuti abwerere.

Komabe mbiri imene tafotokozayi ikutichenjeza kuti tisayerekeze Chiweta ndi Olkaria. Ku Kenya chiphalaphala chili pafupi, ndipo zitsime zimakumana ndi kutentha kwa madigiri oposa 250. Kuno kulibe ng'anjo ya Kircher. Kuli mvula yotenthedwa ndi kuzama kokha. Madzi otere akhoza kupanga magetsi pogwiritsa ntchito makina amene amatenthetsa madzimadzi ena osachedwa kuwira, koma amakhala magetsi ochepa, ndipo kukumba chitsime chozama n'kodula. Anzathu a ku Zambia adayesapo m'zaka za m'ma 1980 pa Kapisya, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, mothandizidwa ndi boma la Italy. Makina adaikidwa, koma sadaunikire mudzi, poti madzi a m'zitsime zimene adakumba sadali otentha mokwanira makinawo. Kwa ine, ntchito zoyambira zili pafupi kuposa magetsi. Madigiri 80 ndi okwanira kuumitsa usipa m'nyengo ya mvula, pamene asodzi amataya nsomba zambiri zovunda pa thandala. Ndi okwanira kuumitsa chimanga, mpunga ndi zipatso popanda kudula mtengo ndi umodzi womwe. Ndipo mitengo ya m'mapiriyo ndi imene imagwira mvula kuti ilowe pansi m'malo mokokolola nthaka.

Ulendo wapitawu ndikupita ku Karonga, basi yathu idaima pa Chiweta kuti mabuleki azizire titatsika chikweza chija. Anyamata ogulitsa nsomba ndi nthochi adazinga mawindo. Ndidafunsa mmodzi wa iwo ngati madzi otentha aja akadalipo. "Alipo, bwana," adayankha, akuloza ndi mutu poti manja adali ndi katundu. "Mukafuna kukaona mupite ndi mazira." Kondakitala adaimba mluzu tisanamalize kukambirana, ndipo ndidagula nthochi za K500.